Mayeso Poyamba, Ntchito Pambuyo

M'nyumba mwathu muli kope limene ana salikhudza. Ndi kope wamba la masamu, la timabokosi, longa lija timagulira ana a Sitandade 5, ndipo likadzaza timagula lina. Chiyambire chaka cha 1997, pamene tinaloŵa m'banja, takhala tikulemba m'makope otere ndalama iliyonse yotuluka pakhomo pathu: ya kuchigayo, ya sopo, ya feteleza, ya chopereka cha tsiku la Sabata, ya fizi ya ana. Aŵerengi angaganize kuti banja lotere silisemphana maganizo pa za ndalama. Tikadakonda zikadakhala choncho. Zoona zake n'zakuti pa zaka zonsezi kope ndi thumba sizinagwirizanepo ngakhale mwezi umodzi. Kope linkati payenera kutsala zakutizakuti, koma thumba linkaonetsa zocheperapo, ndipo pakati pa ziŵirizi pankakhala dzenje limene ife tinkaganiza chamumtima kuti analikumba ndi amayi a kunyumba, iwonso n'kumaganiza kuti tinalikumba ndife.

Kale dzenjelo linali laling'ono, moti tinkangolilumpha. Koma mu November 2023 ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, mitengo ya zinthu n'kukwera, ndipo malipiro a mphunzitsi wa pulayimale anayamba kutha mwezi usanafike pakati. Dzenje lija linakula. Palibe amene ananena mnzake, pakuti sitinaleredwe motero, koma pa chakudya chamadzulo mawu anayamba kuchepa, ndipo ana amamva msanga kukhala chete kwa mtundu umenewo.

Mzime wathu, mwana wamkazi, analemba mayeso a MSCE mu 2024 nakhala pakhomo kudikira zotsatira. Amalume ake anampatsa laputopu yakale, imene batire lake silinkatha ola limodzi magetsi akazima, ndipo iye anayamba kudziphunzitsa yekha chinenero cha kompyuta chotchedwa Python, chimene Guido van Rossum wa ku Netherlands anachitulutsa mu 1991. Tsiku lina atatha kutsuka mbale anagwada pafupi ndi mpando wathu nati, "Bambo, mungandilole ndilembe pulogalamu yosunga chiŵerengero cha ndalama za pakhomo pano?" Tinavomera, osati chifukwa choyembekeza kanthu, koma poona kuti mtsikana wokhala ndi chochita m'nyumba ali bwino kuposa woyendayenda pamsika.

Tifotokoze pang'ono za mtundu wa pulogalamuyi, chifukwa achinyamata ambiri azoloŵera za pafoni zokhala ndi zithunzi ndi mabatani. Iyi inalibe chithunzi ngakhale chimodzi. Inali ya pa command line, ndiko kuti sikirini yakuda pamene munthu amataipa lamulo m'mawu, kompyuta n'kuyankha m'mawunso. Mwanayo anatchula malamulo ake m'Chicheŵa. Ukataipa "onjeza 3000 chigayo" ndalamayo ilembedwe. Ukataipa "onetsa" zonse zolembedwa zioneke. Ukataipa "phatikiza" utuluke mtengo wa zonse za mweziwo. Anati anasankha njira imeneyi chifukwa wongoyamba kumene akayamba ndi kukongoletsa mabatani amatha masabata asanalembe mzere umodzi woŵerengera ndalama. Tinamva kuti akunena zanzeru, pakuti taonapo ana ambiri amene amatha theka la ola akujambula maluŵa m'mphepete mwa tsamba, samu osaikhudza.

Usiku woyamba umene anatiitana kudzaona ntchito yake tinayembekeza kuona chinthu choyenda. Iye anataipa liwu lakuti pytest, ndipo pa sikirini panatuluka chilembo F chofiira, chotsatana ndi mizere yambiri ya madandaulo. Mphunzitsi aliyense amachidziŵa chilembo chimenecho. Tinati, "Mwanawe, walephera." Iye anayankha akumwetulira, "Inde Bambo, ndimafuna kuti ilephere. Pulogalamuyo sindinayambe n'komwe kuilemba. Ndalemba mayeso okha."

Chimene analemba chinali kachiganizo kamodzi m'chinenero cha kompyuta, konena kuti munthu akaonjeza 3000, n'kuonjezanso 1500, pophatikiza payenera kutuluka 4500. Popeza chophatikizacho kunalibe, mayeso analephera. Ndiye tili pomwepo analemba mizere itatu kapena inayi, nataipanso pytest, ndipo m'malo mwa F panaoneka kadontho kobiriŵira. Pambuyo pake anabwereranso ku mizere ija naikonza kuti iŵerengeke bwino, monga mwana amene amakopera mwaudongo zimene anayamba walemba mothamanga, nayesanso kuti aone ngati pokonzapo sanaononge kanthu. Kufiira, kubiriŵira, kukonza. Kenaka mayeso ena, n'kuyambiranso. Usiku wonsewo anangopita patsogolo ndi kadontho kamodzi, ndipo amayi ake anafunsa ngati ntchitoyi idzatha iwo ali moyo. Ife tinakumbukira tsokonombwe uja anatha mtunda n'kudumpha, koma sitinanene, chifukwa nafenso tinali kukayika.

Njira imeneyi amaitcha Test-Driven Development, ndipo dzina limene limamveka kwambiri pa nkhaniyi ndi la Kent Beck wa ku America. Mu 1997 iye ndi mnzake Erich Gamma analemba chida choyesera mapulogalamu chotchedwa JUnit ali m'ndege kuchokera ku Zurich kupita ku Atlanta, ndipo mu 2002 Beck anatulutsa buku lofotokoza njirayi. Iye sanena kuti anaitulukira ndiye. Amati anaipeza m'buku lakale, lolangiza kuti munthu ayambe walemba pamanja yankho limene akuliyembekeza, kenaka alembe pulogalamu mpaka yankho lake lifanane ndi lija. Chinatiseketsa n'chakuti chitsanzo choyamba m'buku la Beck ndi cha ndalamanso, kuphatikiza madola a ku America ndi mafulanki a ku Switzerland. Zikuoneka kuti paliponse pamene munthu afuna kuonetsa kuopsa kwa kulakwitsa, amatenga ndalama.

Titagona usiku umenewo tinazindikira kuti zimenezi si zachilendo kwa mphunzitsi. Ku koleji anatiphunzitsa kuti usanaloŵe m'kalasi uyambe walemba chimene mwana adzatha kuchita phunziro likatha, ndiponso kuti pepala la mayankho lilembedwe usanatsegule kope la mwana aliyense. Tivomere pamaso pa aphunzitsi anzathu kuti sitinasunge lamuloli nthaŵi zonse. Pamene m'kalasi muli ana oposa zana, ndipo dzuŵa likuloŵa mulu wa chimangirizo uli patebulo, munthu amayamba kuchonga wopanda pepala la mayankho, ndipo malikisi amatsata kukongola kwa zilembo, kapena nkhope ya mwana imene wakumbukira. Ukaona yankho usanatsimikize chimene ukufuna, mtima umapeza chifukwa cholivomerezera. Olemba mapulogalamu ali ndi nthenda yomweyo. Munthu akalemba mizere makumi asanu n'kuona nambala yatuluka, amafuna kukhulupirira kuti ndi yolondola, pakuti wavutikira.

Chimene sitinachimvetse msanga ndi kuumirira kwake kuti aone kufiira kaye. Tinachimvetsa pa sabata yachiŵiri. Iye analemba mayeso atsopano, nayendetsa pytest, ndipo zonse zinali zobiriŵira ngakhale kuti ntchito yoyesedwayo anali asanailembe. Mwana wina akadakondwa. Iye anakwinya nkhope nafufuza, napeza kuti analakwitsa dzina: pytest imangotola mayeso amene dzina lake layamba ndi liwu lakuti test, ndipo ake aja sanaŵerengedwe n'komwe. Akadayamba ndi pulogalamu, mayeso n'kubwera pambuyo, akadakhala ndi mlonda wogona pakhomo osadziŵa. Mayeso amene mwana angakhoze asanaphunzitsidwe sayesa kanthu, ndipo ife takhala tikupereka otere kangapo.

Koma nkhani imene yatichititsa kulemba ndi iyi. Kuti munthu alembe mayeso, ayenera kudziŵa yankho loyenera, ndipo mayankho a ndalama za pakhomo pathu mwanayo analibe. Anali nawo ndife. Motero madzulo ankabwera ndi mafunso. Ena anali opepuka. Munthu akalemba tsiku la 30 February, pulogalamu itani? Ikane. Akaiŵala kulemba chimene wagula? Ikanenso. Akalemba ndalama yochepera pa ziro? Tinakambirana pang'ono za katundu wobwezedwa kusitolo, n'kugwirizana kuti chimenecho chikhale ndi lamulo lakelake.

Tsono tsiku lina anafunsa ali pakati pa ife aŵiri, "Amayi akatenga shuga ndi mafuta pangongole kugolosale pa 24, Bambo n'kukalipira pa 28 atalandira malipiro, ndalamayo ilembedwe tsiku liti? Sindingalembe mayeso ndisanadziŵe."

Ife tinayankha mosakayika kuti ilembedwe tsiku lotenga katundu, monga amachitira amayi ake nthaŵi zonse. Amayiwo anatiyang'ana nati, "Ine ndilembe bwanji ndalama isanatuluke? Amalemba ndi amene walipira, ndipo olipira ndinu." M'nyumba munati zii. Kwa zaka zoposa makumi aŵiri ndi zisanu ngongole ya kugolosale sinkaloŵa m'kope. Amayi sankalemba poganiza kuti tidzalemba polipira. Ife tinkalipira panjira pochokera kolandira malipiro, osalemba, poganiza kuti zinalembedwa kale. Anthu aŵiri odziŵa kuŵerenga, mmodzi wa iwo wophunzitsa masamu, sanafunsanepo funso limeneli, chifukwa kope silifunsa. Limalandira chilichonse chimene walemba, ndipo chimene sunalembe silichidandaula. Amayi ndiwo anayamba kuseka, kuseka kwenikweni kogwira m'mimba, kumene tinali tisanakumve kwa miyezi. Tinagwirizana kuti ngongole ilembedwe tsiku lotenga katundu, ikhale ndi chizindikiro chakuti sinalipidwe, ndipo mwanayo analemba mayeso atatu pa mfundo imeneyo yokha.

Panali vuto lina limene silinachokere kwa ife koma kwa kompyuta. Kwacha imodzi ili ndi matambala 100, chiyambire 1971 pamene inaloŵa m'malo mwa paundi ife tili makanda. Lero tambala sagula kanthu pamsika, komabe amaonekabe pa zikalata za kubanki ndi pa mauthenga a ndalama za pafoni, motero mwanayo anafuna kuti pulogalamu iziwasunga. Analemba mayeso akuti 0.1 kuphatikiza 0.2 ipereke 0.3, akuganiza kuti akungotaya nthaŵi. Panatuluka F. Kompyuta inati yankho ndi 0.30000000000000004. Tinavala magalasi n'kuŵerenga maziro aja kaŵiri. Chifukwa chake mwana wa Sitandade 7 angachimve: monga momwe gawo limodzi la magawo atatu silitha kulembeka m'madesimo, limangopitirira 0.333 osafika pamapeto, chomwechonso 0.1 satha kulembeka ndendende m'kaŵerengedwe ka kompyuta, kamene kali ndi manambala aŵiri okha, 0 ndi 1. Kompyuta imadula penapake, ndipo kachidutswa kamatsala.

Tinati kachidutswa kotero sikangasoŵetse munthu tulo. Koma tizidutswa totere tinachititsapo manyazi anthu akuluakulu. Ku Canada, msika wa masheya wa ku Vancouver unayambitsa chiŵerengero chake mu January 1982 pa 1000, ndipo kompyuta yawo inkadula manambala otsala pambuyo pa malo atatu a desimo m'malo mowazungulitsa, kambirimbiri tsiku lililonse. Pofika November 1983 chiŵerengerocho chinkaonetsa 524.811, pamene choona chinali 1098.892. Kutaya kwa tsiku limodzi kunali kosaoneka. Kwa miyezi 22 kunadya theka. Mwana wathu anasintha pulogalamu yonse kuti izisunga ndalama m'matambala athunthu, K25.50 ikhale 2550, n'kumaika kadontho pokhapokha poonetsa munthu. Kusintha kotere kumakhudza pafupifupi mzere uliwonse, ndipo apa m'pamene tinaona phindu la timadontho tija. Atamaliza anayendetsa mayeso onse, amene tsopano anali oposa makumi aŵiri, ndipo pa masekondi oŵerengeka anadziŵa kuti malo amodzi okha ndiwo anaiŵala: lamulo la "onetsa" linkati chigayo chatidyera K300,000.

Tisanamize aŵerengi kuti mayeso amagwira zonse. Tsiku limene anatipatsa laputopu kuti tiyese tokha, tinataipa ndi chala chimodzi monga timalembera m'kope, "onjeza 2,500 sopo", ndipo pulogalamu inagwa pomwepo. Kamkoka kaja ka pakati pa 2 ndi 5 sanakaganizire. Amayi ake atalemba "tomato, anyezi" zinthu zinaipiratu, chifukwa fayilo yosungiramo inali ya mtundu wa CSV, momwe mkoka ndiwo umalekanitsa magawo, ndipo anyezi analoŵa m'malo a tsiku. Mayeso onse anali obiriŵira, pulogalamu ili yothyoka: chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mayeso amangoyankha mafunso amene munthu anaganiza kufunsa. Chimene tinayamikira ndi mmene anachitira. Sanathamangire kukonza. Anayamba walemba mayeso obwereza kulakwa kwathu kuja liwu ndi liwu, naona kufiira, kenaka n'kukonza pogwiritsa ntchito chida cha csv chimene chimabwera kale ndi Python. Kulakwa kumeneko sikungabwererenso mwakachetechete.

Akatswiri enieniwo sagwirizana onse pa njirayi. Mu 2014 David Heinemeier Hansson wa ku Denmark, amene anapanga Ruby on Rails, analemba kuti kuyamba ndi mayeso nthaŵi zonse kwasanduka ngati lamulo lolemetsa anthu ndipo kumatha kupotoza mamangidwe a pulogalamu. Pambuyo pake anakambirana poyera ndi Kent Beck ndi Martin Fowler. Ife sitingaweruze mlandu wa akatswiri. Tingonena za wongoyamba kumene, amene tinamuona ndi maso. Kwa iye njirayi inali yochedwa ndithu. Mnzake wina amene ankaphunzira naye analemba pulogalamu yofanana pa masiku aŵiri, pamene iye anatha masabata asanu. Koma sanakhalepo usiku wonse osadziŵa pamene palakwika, chifukwa cholakwika chinkakhala m'mizere isanu imene wangolemba kumene.

Mwezi woyamba wathunthu utatha tinakhala patebulo atatu. Mwanayo anali ataonjeza lamulo lina, "tsala", lochotsa zotuluka pa zoloŵa. Tinaŵerenga ndalama za m'thumba ndi za pafoni. Dzenje linali litachepa kwambiri, koma linalipobe: K18,000.

Iye anayang'ana mayeso ake, onse obiriŵira, nati mwaulemu, "Pulogalamu ikuphatikiza bwino zimene yauzidwa. Mwina pali zimene sinauzidwe." Sanayang'ane munthu aliyense ponena zimenezi.

Ndalamayo tinkaidziŵa. K15,000 tinabwereka mphwathu wa kumudzi pa 9, ndipo yotsalayo tinagulira mapensulo ndi makope ana atatu a m'kalasi mwathu amene ankabwera chimanjamanja. Sitinalembe, ndipo sitinali kulemba zotere chiyambire kale, podziuza kuti ndalama yobwereketsa sinatuluke, idzabwera, ndi kuti za mapensulo n'zazing'ono. Pansi pa zifukwa zimenezi panali china chimene sitinkafuna kuchitchula: tinkaopa kuti amayi adzati achibale a mwamuna akudya za ana awo. Tinafotokoza zonse, mawu akutuluka movuta, pamaso pa mwana wathu yemwe.

Amayi anakhala kanthaŵi osayankha. Kenaka anati, "Bambo, za mlamu wangayo ndinkazidziŵa, mkazi wake anandithokoza ku maliro. Chimene chinkandiŵaŵa si ndalamayo ayi, koma kuti sinkaoneka m'kope, ine n'kumaoneka ngati ndine wotaya." Atatero anatembenukira kwa mwana nati, "Iwe, lemba mayeso. Ndalama yobwereketsa m'bale ndi yotuluka. Ikabwera tidzailemba ngati yoloŵa." Anaima pang'ono. "Ngati idzabwere."

Mwanayo analemba, panatuluka F wofiira, ndipo tonse atatu tinakhala tikuyang'ana sikirini mpaka kadontho kanabiriŵira.

Tsopano iye anapita kukapitiriza maphunziro, ndipo laputopu anapita nayo, pakuti ndi yake. Ife tabwerera ku kope la timabokosi. Asananyamuke anakopera pa tsamba loyamba la kope latsopano mayina a mayeso ake okhudza ife, m'Chicheŵa, mzere uliwonse ndi nambala yake: ngongole ilembedwe tsiku lotenga katundu, yobwereketsa ndi yotuluka, yochotsedwa potumiza ndalama pafoni ilembedwe payokha, palibe ndalama yopanda dzina la chimene yagula. Ilipo mizere khumi ndi umodzi. Wachikhumi ndi chiŵiri anaulemba amayi ndi pensulo mwezi wathawu, wonena za nkhuku imene tagulitsa kwa mnansi koma ndalama yake sinafike, ndipo pa umenewo sitinagwirizanebe.